Pulogalamu imene achimwene anakana kugulitsa

Ndinadzuka tambala asanalire, nthiti zikuwawa ndi mkeka. Amayi a kutchalitchi anali atasasa mawu ndi nyimbo, ndipo kuseri utsi unali utayamba kale kufuka pamafuwa. Chiperoni chinali chitakuta phiri lonse.

Ine chisoni chinali chosakanikirana ndi mkwiyo. Achimwene anali mphunzitsi, ndipo anapanga pulogalamu ya pakompyuta ndi pafoni yophunzitsa ana kuwerenga. Mawu olankhula m'menemo anali awo omwe. Bwana wina wa kampani ya m'tauni anafuna kuigula kuti masukulu azilipira chaka ndi chaka, iwo anakana. Ankati pulogalamu ya sukulu izikhala ngati mbewu yamakolo: utenge, usankhule, upatseko mnzako. Kumisonkhano ankalimbana ndi akuluakulu kuti boma lisamagule zinthu zokhoma, zoti mphunzitsi sangatsegule n'kukonza, akuluakuluwo n'kumati chaulere sichilimba. Inenso ndinkawanena. Ndinawauza pamaso kuti mwana sadya zikomo. Kompyuta yawo itafa iwo ali m'chipatala, ndinati basi, kamtsikana kawo katsala manja lende, kopanda ngakhale chokumbukira bambo ake.

Kutacha anthu anayamba kufika, ena wapansi, ena pa kabaza kuchokera ku Njuli, matope mpaka m'mawondo. Nkhope zambiri zinali zachilendo. Ndinafunsa alamu anga, akazi a malemuwo, kuti awa ndani, iwo anangopukusa mutu. Anali aphunzitsi, ena ochokera mpaka ku Mauwa.

Tinanyamuka masana kamvula kakuwaza. Aphunzitsi aja analimbirana kunyamula bokosi ndi achibale mpaka adzukulu anachita kuwaleretsa.

Pochokera kumanda, mayi wina wa ku Mbulumbuzi anandigwira mkono n'kundipatsa kamemori kadi kokulunga m'pepala.

"Umu muli pulogalamu ija anatipatsa ulele. Ife tinawonjezamo Chilomwe, achemwali," anatero, "koma mawu awo sitinawachotse."

Madzulo anthu atabalalika, nyumba inangoti zii. Tinatsala atatu. Alamu analowetsa kakadi kaja m'foni, mwana ali pamiyendo panga. Tinamva achimwene akutsokomola pang'ono, monga ankachitira asanalankhule.

"Tiyeni tiyambe. A."

"A," anayankha mwanayo.

Ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda. Akanamvera ine mlongo wawo, bwenzi mwanayu akulipira kuti amve bambo ake.