Nsapato Zodikira Idi

Che Yaseen sayamba ndi kuona munthu kumaso. Ukawapatsa moni maso awo amathamangira kumapazi ako, ndipo akamayankha amakhala atadziwa kale kuti umaponda chopendekera komanso kuti soli yakumanzere yatsala ndi milungu iwiri. Ine ndimagulitsa tomato pafupi ndi benchi yawo, kuseri kwa msika wa ku Kawale, ndipo chino ndi chaka chakhumi ndi chimodzi tikupumira fumbi limodzi. Ndinawauzapo kuti tsiku lina adzawapitirira akazi awo pamsewu akadzavala nsapato zobwereka. Anangoseka, ulusi uli kukamwa.

Anabwera mu Lilongwe kuchokera ku Namwera ali wachinyamata, atanyamula kabokosi kathabwa komwe akali nako mpaka lero. Poyamba ankapolisha nsapato za anthu a m'maofesi, kenaka anaphunzira kusoka. Ana awo anayi anakulira pa singano ndi guluu. Kulemera sanalemere, koma sindinaonepo munthu akubweza nsapato kuti yamasuka pomwe iwo anasoka.

M'kabokosi kaja, pansi pa zidutswa za matayala ndi zikopa, muli kanthu kokulunga m'nsalu. Zaka zonsezi ndinkayesa ndi mankhwala oitanira makasitomala, ndipo ndinkawanena nako. Ndinadziwa zoona zake chifukwa cha mwana wa a Hafsah.

A Hafsah ndi mayi wamasiye, amachapa zovala m'nyumba za anthu, ndipo amakhala moyandikana ndi Che Yaseen. Mwana wawo Zulaikha anali mu Sitandade 4 nthawiyo. M'mawa uliwonse ankadutsa pamalo pathu popita kusukulu atavala patapata wosiyana mitundu, wina wobiriwira wina wofiira. Che Yaseen anali atamusoka patapatayo kambirimbiri moti malo olowetsa singano anachita kutha.

Sukulu zitangotsegulira mu Seputembala, kunabwera bungwe lina lothandiza ana ovutika. Mwana aliyense amene aphunzitsi anamulemba ankamukhazika pampando, kumusambitsa mapazi, kumuyeza, n'kumuveka masokosi oyera ndi nsapato zakuda. Amayi ena ananyinyirika kuti anthuwo akupereka zomukwana mwana ndendende, osasiya malo okuliramo, ngati sanaberekepo. Komabe tsikulo linali lachisangalalo. Zulaikha anatulukira pamsika akunyang'wa, akuima pafupipafupi kupukuta fumbi ndi chala chamalovu.

Che Yaseen anamuitana n'kudina kutsogolo kwa nsapatoyo ndi chala chachikulu. "Zakukwana bwino. Uzivala tsiku lililonse, wamva? Phazi silidikira munthu."

Lolemba mwanayo anadutsanso ndi patapata wake uja.

"Nsapato zili kuti, mwanawe?" anafunsa Che Yaseen.

"Amayi aika m'sutikesi. Akuti ndidzavala pa Idi."

Kuti Idi, chikondwerero cha Asilamu, ifike kunali kutatsala miyezi isanu ndi iwiri. Ndinaona Che Yaseen akuika pansi nsapato imene ankasoka, chinthu chomwe sachita ngakhale pamsika pabuke ndewu. Madzulo a Hafsah akuchokera kuganyu, anawaimitsa.

"Amake Zulaikha, tulutsani nsapato za mwana zija. Zikatha ndidzasoka ine."

"Zosoka si zatsopano, Che Yaseen," anayankha a Hafsah motsitsa mawu. "Inu simunamuone mwanayu Idi yathayi. Anzake onse atatchena, iye anakadzitsekera kubafa mpaka mapemphero anatha. Ndinalumbira kuti sizidzachitikanso. Akamavala kusukulu, ndi mvula ikubwerayi, pofika Disembala zidzakhala zitatha. Zina ndidzazitenga kuti? Abungwewo sabwera kawiri."

Ndisaname, ine ndinali mbali ya a Hafsah. Kwanga kuli mbale zisanu ndi imodzi zimene sindinadyeremo chigulireni, zikudikira alendo omwe sindikuwadziwa. Ife osauka chinthu chatsopano timachiopa. Ndinawauza Che Yaseen kuti asiye za m'nyumba za eni, ndipo anandinyanyalira masiku awiri.

Mvula inabweradi. Mu Januwale Zulaikha anaponda botolo losweka powoloka ngalande, ndipo anajomba kusukulu milungu iwiri phazi lili m'bandeji. A Hafsah ankamubereka kumsana kupita naye kuchipatala, mwana wamkulu choncho, miyendo ikulendewera. Bala litapola Che Yaseen anayesanso kulankhula, koma mayiyo anati apirira kale miyezi yambiri, iwiri yotsalayo si kanthu. Ndinawamvera chisoni onse awiri.

Kutatsala masiku awiri kuti Idi ichitike, m'mawa tikungoyala malonda, a Hafsah anafika ndi jumbo m'manja. Zulaikha anali pambuyo pawo atavala yunifolomu, maso atatupa. Nsapato zija zinatuluka m'jumbomo zikunyezimira, mapepala akali m'kati.

"Chidendene chikukana kulowa," anatero a Hafsah. "Tayesa ndi sopo, tayesa kumuveka pulasitiki kuphazi. Zikuzeniko pang'ono, bambo, chonde."

Che Yaseen anazitembenuza, anazipinda, anaika phazi la mwanayo pamwamba pa soli. Chala chachikulu chinapitirira. Anapukusa mutu n'kunena kuti si zachikopa, ngakhale azinyowetse n'kuzipanikiza ndi thabwa sizingatamuke. Njira inalipo imodzi yokha, kudula kutsogolo kuti zala zituluke.

A Hafsah anazikwatula nsapatozo n'kuzifumbata pachifuwa. "Zatsopano?"

Apa m'pamene Che Yaseen anatsegula kabokosi kaja n'kumasula nsalu ija. Munali tinsapato tofiirira ta mwana, chikopa chitauma gwa, koma soli yake yopanda ngakhale kachipsera.

"Malume anandibweretsera kuchokera ku Joni ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu," anatero. "Amayi anasunga kuti ndidzavale pa Idi. Tsikulo litafika zinakana. Wina anati tizidule, amayi anati ayi, n'zatsopano, adzavala mng'ono wanga. Mng'ono wangayo sanabadwe. Amayi anga sanali oipa, amake Zulaikha. Ankandikonda ngati mmene inu mumamukondera uyu, ndipo amene analira kwambiri tsikulo anali iwo. Koma ine ndinakavala nsapato yanga yoyamba kuno ku Lilongwe, ndevu zitamera."

Ndinachita manyazi ndi zamankhwala zanga zija, ndipo ndinayamba kusanja tomato yemwe ndinali nditasanja kale. A Hafsah anayang'ana tinsapato touma tija nthawi yaitali, kenaka anaika za mwana wawo pabenchi.

"Dulani," anatero.

Che Yaseen ananola mpeni pamwala. Anadula mosamala, napinda m'mphepete n'kusokerera bwinobwino ndi ulusi wakuda, moti wosadziwa akanati zinabwera choncho kuchokera kusitolo. Ntchitoyo inawatengera ola lathunthu, ndipo makasitomala awiri anadikira mpaka kutopa. Zulaikha anavala masokosi ake oyera, analowetsa phazi, chidendene chinakhala. Anayenda kukafika pa tomato wanga n'kubwerera, zala zikusuzumira kutsogolo, ndipo anamwetulira koyamba m'mawa umenewo.

Kenaka anawerama n'kuyamba kumasula zingwe kuti abwezere nsapatozo m'jumbo. Mayi ake anamugwira dzanja.

"Usavule. Pita kusukulu, wachedwa."

"Nanga Idi, amayi?"

"Pita."

Usiku wathawo kunali kutagwa mvula, ndipo njira yakusukulu inali matope okhaokha. A Hafsah anaima pomwepo, jumbo ndi patapata uja zili m'manja, akuyang'ana mwana wawo akuponda m'matopemo mpaka anakhota pakona.