Makutu a malume

Kachitsulo kamkuwa kaja ndikadali nako. N'kofanana ndi chala chachikulu, kumutu kuli timabowo toti nyerere yonenepa siingalowe. Ndinayesa, inakana.

Malume anabwera nako nyengo yothyola nandolo, kuchokera ku fakitale ya tiyi kumene ankasonkha moto wa boyila, chithanki chowiritsira madzi kuti apange nthunzi. Anawabweza kumudzi kuti akapumitse makutu, ati akapanda kubwerera akumva, ntchito yatha.

Mafuta oyatsira motowo, malinga ndi malume, anali akuda ndi olimba moti khasu linkaima chilili. Ukawayatsa choncho amangofuka utsi. Ndiye amayamba awatenthetsa, kenaka nthunzi yothamanga imakumana nawo m'kachitsulo kaja n'kuwamwaza potuluka m'timabowo, asanduke nkhungu. Nkhunguyo ndi imene imayaka.

"Monga achitira achemwali akamasita," anatero, akuloza amayi amene ankapemerera madzi ndi pakamwa pa malaya.

Moto wabwino ankaudziwa ndi khutu: umalira ngati mvula ikutsika m'phiri la Michesi. Nthunzi ikakhala ndi madzi, umatsokomola.

Ndiye tinayamba masewera. Ine ndinkaima kumbuyo kwawo, madzi ali m'masaya, n'kupemerera fwaa, iwo azinena ndapemerera liti. Masiku oyamba ankalephera, ine n'kumaseka mpaka kutsamwa. Ana ndi ankhanza, inenso ndinali katswiri.

Kenaka makutu anatseguka. Ndikangoti fwaa, iwo, "Wapemerera!" Ndipemerere chapansipansi, ndipite kuseri kwa nkhokwe, sankaphonya. Ndinauza kalasi yonse kuti malume amamva nsabwe ikuyetsemula kutali ku Nazombe, ndipo mpaka lero mawuwo sindinawabweze. Chinkandidabwitsa n'chakuti masewerawo ankachitika pokhapokha amayi akusita pakhonde, moyang'anana ndi malume. Chaka chimenecho m'nyumba mwathu anasita ngakhale matumba a chimanga.

Tsiku lina amayi anapita kukaonjezera makala m'simbi. Ndinapemerera, ndinapemereranso mpaka khosi la malume linanyowa. Pamenepo ndiye anatembenuka, n'kuyang'ana pamene amayi ankakhala.

"Achemwali, musavutikenso kukweza simbi," malume anatero pamene amayi anabwerera. "Mkono utopa."

Amayi anangoti, "Achimwene," n'kukhala pansi.

Malume anandipatsa kachitsulo kaja m'dzanja, n'kufunsa amayi ngati m'nyumba muli khasu lopanda mwini. Ine ndinathamangira kwa anzanga, ndikukuwa kuti ndapambana.