Mkulu Amene Anakhalira Chishalo

Ku Kochkor kuli mkulu wina amene sajomba pa mpikisano wa mahatchi wa mtunda wautali, ngakhale kukwera anasiya kalekale. Ntchito yawo ndi kudikira pamalo opumira ali ndi ndowa ziwiri. Hatchi ikafika, mkuluyo samuyang'ana n'komwe wokwerayo. Amaithira madzi m'khosi, n'kugunditsa khutu panthiti pake kumvetsera mtima. Wokwera akapempha tiyi amati, "Iwe umatha kudandaula, dikira. Mnzakoyu satha."

Chaka chatha ankathandiza mwana wawo wamkazi, Nurzat. Iye anafika popumira pomaliza ali patsogolo pa onse, ndipo dokotala wa ziweto analola kuti apitirize. Koma hatchiyo inangonunkhiza madzi, osamwa. Mkuluyo anamasula chishalo, kuchiika pansi, n'kukhalapo.

"Ababa, tadzukani!" anakuwa Nurzat. "Kwangotsala makilomita makumi awiri!"

"Miyendo uli nayo, kamalize wekha."

"Komatu adokotala alola!"

"Adokotala akagona kwawo. Ikakagwa panjira, wokumba dzenje ndine."

Nurzat analira, anzake akumudutsa mmodzimmodzi. Mkuluyo sanasunthe mpaka womaliza atapita. Hatchi ija inadwala masiku awiri, koma inachira. Mwanayo anatha milungu itatu osawalankhula bambo ake.

Chaka chino Nurzat walembetsanso, ndipo womudikira ndi ndowa wasankha mkulu yemweyo, akuti wina sangamukhulupirire. Kungoti wagula chishalo chachiwiri, ndipo wakachisungitsa kwa aneba, bambo ake osadziwa.