Timizere ta Aneba Athu

Faifi koloko m'mawa, kusanatenthe, aneba athu amakhala ali kale pakhonde, laputopu ili pamiyendo. Anapuma ntchito ku Kapichira, kopangira magetsi kuja. Masiku ano amathandizana ndi anthu a maiko ena kusonkhanitsa timizere ndi timadontho tomwe olemba mapulogalamu a kompyuta amaika kutsogolo kwa mawu olangiza anzawo. Mndandandawo uli pa intaneti, aliyense amatengapo mwaulere, ndipo iwo salandira kanthu. Amakonda kunena kuti, "Makina amawadumpha mawu amenewa, koma munthu wobwera pambuyo pako sasochera."

Ine nditaona timizereto, ndinakanena kumjigo kuti mkuluyu ngwa sataniki. Sabata isanathe, anthu anagenda malata a nyumba yawo, ndipo adzukulu awo anasiya kupita kusukulu chifukwa cha mantha.

Dzulo aneba aja anandiitana. Ndinapita mwana ali kumsana, maso ali pansi. Sanandikalipire ayi. Anandionetsa kamzere kamodzikamodzi, kufotokoza mofatsa mpaka ndinamvetsa, kenako anati:

"Amake Mervis, kumjigo anthu amakumverani kuposa ine. Mawa mukapita kokatunga madzi, mukawauzeko izinso."