Khofi Wopanda Basi

A Sipanala anagwira ntchito yokonza mabasi zaka makumi atatu, ndipo dzinali analitenga komweko. Msana utayamba kukana zogona pansi pa galimoto, anatembenukira ku makina ofulira khofi, aja okhala ndi mkono wachitsulo womwe umautsitsa kuti madzi otentha adutse mu khofi. M'kati mwake muli timalabala totseka madzi, ndipo timafuna girisi kuti tisaume.

Makina oyamba kukonza anawapaka girisi wa basi, poti ndiye ankamudziwa. Kapu yoyamba anapatsa akazi awo. Mayiwo anamwa kamodzi, n'kuika kapu pansi.

"Bambo, basi yanu ndaimwa. Yatsala ndi matayala okha."

Manyazi anawagwira mpaka m'mafupa. Sabata isanathe timalabala tija tinafufuma, makina n'kuyamba kudontha. Kuchokera tsikulo sagula girisi wina koma woyera ngati madzi, wopanda fungo, wopirira kutentha, amene pa kachubu pake palembedwa kuti ngoyenera pa zakudya. Lamulo lawo n'limodzi: chimene sungachiike pa lilime chisalowe m'makina.

Lamuloli linayesedwa tsiku lomwe mwana wawo wamkazi ankatsegulira malo ake ogulitsira khofi. Alendo anali atadzaza mipando, koma mkono wa makina unangoti gwa, kulira ngati chitseko chakale. A Sipanala anamasula, n'kupeza timalabala tili gwaa, touma. Atafinya kachubu kawo munangotuluka mpweya.

Mkamwini wawo anathamangira ku galaja yoyandikana nayo, n'kubwera ndi chitini cha girisi wakuda.

"Bambo, pang'ono pokha. Adziwa ndani?"

"Lawani kaye," anatero a Sipanala, akumutambasulira chala chodzaza girisi.

Mkamwini anabwerera m'mbuyo.

"Nanga mafuta ophikira?" anafunsa mwana wawo, misozi ili m'maso. "Ababa, anthu anditulukira. Mundichititsa manyazi tsiku loyamba!"

"Amenewo amasasa akatenthedwa, mwanangu. Mwezi uno ukondwa, mwezi wamawa udzanditukwana."

Mtima unawapweteka, pakuti mwanayo sanawalankhulepo chonchi. Komabe anakwera njinga, msana womwe uja, ulendo wa kutsidya kwa tauni komwe kuli sitolo yogulitsa girisiyo. Anabwerako patatha maola awiri, malaya ali chonyowa. Theka la alendo linali litapita, ndipo mwanayo sanawayang'ane n'komwe.

A Sipanala anasamba m'manja, n'kupaka timalabala pang'ono chabe, kongoti tiwale, poti girisi akachuluka amatsikira m'kapu. Anamanga zonse, n'kutaya makapu awiri oyamba. Mkono uja unatsika mwakachetechete, n'kukwera wokha pang'onopang'ono, khofi akutuluka wathovu lofiirira.

Mwana uja anatenga kapu yachitatu. Sanapatse mlendo aliyense, anakaiika m'manja mwa amayi ake, amene nkhani ya basi anaifalitsa kale kwa abale onse. Mayiwo ananunkhiza, anamwa, n'kumwanso pang'onopang'ono dala kuti amuna awo avutike kaye.

"Mulibe basi muno," anatero. "Ndi khofi yekhayekha."

Otsala aja anaseka, n'kuyamba kuitanitsa. Mwanayo anapukuta m'maso, natenga kachubu kaja pa tebulo.

"Ababa, aka musapite nako. Mundiphunzitse kapakidwe kake."

A Sipanala anangoti "Chabwino," ngati si kanthu. Koma njinga anapita akuikankha, kuti aliyense wokumana naye panjira amuuze nkhaniyi bwinobwino.