Mtaifa Amene Ankaphika ndi Zaidi

Zaidi wa mayi Asiyatu, uja ankayeza madzi ku sikimu ya mpunga, anafika pomera imvi osakwatira, ndipo tinakamuika ali choncho. Mukafunsa ku Linga kuno akuuzani kuti zinali za ndale. Iyayi, nkhani yake ndi yaitaliko.

Anali mwana wofatsa zomvetsa chisoni. Anzake akuthamangira ngalawa zikamakocheza, iye ali phee pakhonde ndi buku. Bambo ake anamwalira iye ali ku sekondale, ndiye anakulira m'manja mwa mayi ake aja, ogulitsa zitumbuwa pamsika, ndi mlongo wake Madina, mphunzitsi. Mu 1979 boma linamusankha kuti akaphunzire ulimi wothirira ku Mangalande. Asananyamuke, amalume ake anali atakagogoda kale kwa makolo a Rahila, mtsikana wa kuseri kwa mzikiti.

"Ukangobwera timanga ukwati," anatero mayi ake. Iye anangoti chabwino amayi.

Zaidi ankadzidziwa kuyambira ali mnyamata kuti mtima wake sugunda akaona mkazi, umagunda akaona mwamuna mnzake. Mawu otchulira zimenezi amene ankawadziwa anali otukwana okhaokha. Ndiye anaganiza kuti adzakwatira Rahila, n'kukhala chete moyo wake wonse.

Ku Mangalande kunamutopetsa, mwana wa eni. Kuzizira ndiye musanene. Ankati akapereka moni m'basi, anthu ankamuyang'ana ngati akufuna kupempha kanthu. Nyama sankadziwa amene wazinga, choncho ankangodya mazira ndi nyemba za m'chitini mpaka khosi kukana. Chizungu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, nsagwada kuwawa. Makalata ochokera kuno ankamupeza atatsegulidwa n'kumatidwanso, ndiye naye ankangolemba kuti ndili bwino, kuno kukuzizira. Mwezi wosala unafika nthawi yotentha ya kumeneko, pamene dzuwa limakana kulowa. Munthu kusala maola khumi ndi asanu ndi atatu, yekhayekha, anzake akutafuna masangweji m'kalasi!

Mwezi womwewo ndi umene anakumana ndi Fakiri. Zaidi anali m'khitchini ya ophunzira, maso pa wotchi, kapu ya madzi patsogolo. Kunalowa munthu wamtali atanyamula kapoto, n'kumupatsa salamu. Anali wa ku Tanga, ku Tanzania, Mtaifa monga timanenera kuno, ndipo ankaphunzira zochiritsa ng'ombe. Zaidi anayankha ndi Chiswahili chotolatola chimene anamva kwa agogo ake.

Fakiri anaseka mpaka kugwira khoma. "Iwe, Chiswahili chimenecho unachifukula kumanda ati? Khala pansi, mpunga ndaphika wambiri."

Kuyambira tsikulo ankaphika limodzi. Loweruka lina akuchokera kumsika, Zaidi anagwira dzanja la mnzakeyo, monga amachitira amuna kuno akamachokera ku mzikiti, osaganiza n'komwe. Anyamata amene anaima pakhomo la bala anayamba kukuwa, wina n'kugenda chitini.

"Ukumva zimene akunenazo?" anafunsa Fakiri.

"Ayi. Talakwa chiyani?"

"Kuno amuna sagwirana manja. Akuti ine ndi iwe ndi banja."

Zaidi anafuna kuchotsa dzanja, koma Fakiri sanalitaye.

"Nanga iwe ukuti bwanji?" anafunsa Zaidi.

"Ine ndikuti aka n'koyamba kumva mzungu akunena zanzeru. Tiye msanga, nsomba iwola."

Miyezi isanu ndi iwiri yotsatira ndi yokhayo imene Zaidi anapuma m'dziko limenelo. Ngakhale pamenepo mantha sanamusiye. Pakolejipo panali kagulu ka anthu onga iwo, kokumana poyera, chikwangwani pakhomo, ndipo Fakiri ankafuna akaoneko. Zaidi ankakana chifukwa cha Maliko, Mmalawi mnzake amene ankabaya baji ya chipani ngakhale pa chijasi cha mvula. Aliyense ankadziwa kuti Maliko amalemba malipoti.

Tsono tamverani. Maliko anawaona kangapo atagwirana manja, koma zimenezo sizinamuuze kanthu, poti naye anakulira kuno. Chimene iye anaona chinali Mtaifa. Masiku amenewo anthu othawa boma ankabisala ku Tanzania, ndipo kungomwa tiyi ndi munthu wa kumeneko unkasanduka chigawenga.

Kunabwera bwana wina woyang'anira ophunzira athu, pa sitima, ndi chikwama chake. Anamuitanira Zaidi m'kachipinda, n'kumuthirira tiyi mwaulemu.

"Achimwene, Amalawi alipo, azungu ali mbwee, inu n'kusankha Mtaifa? Mukatseka chitseko mumakambirana chiyani?"

Zaidi anayang'ana kapu. Akanena zoona, mlandu wa ndale utha pomwepo, koma kwathu kuno zoonazo ndi ndende zaka khumi ndi zinayi, ndi manyazi oti mayi ake sadzapondanso pamsika. Akakhala chete, amukweza ndege mawa lomwe, ndipo okwezedwa choncho sankafika kwawo.

"Timaphika, bwana."

"Kuphika maola anayi? Ndi njovu?"

"Ndi kuswali, bwana, kupemphera."

Bwanayo anamwetulira. "Mayi anu ndi aja a zitumbuwa, eti? Ndipo achemwali anu ali pantchito ya boma. Banja labwino ndithu." Anatulutsa pepala lolonjeza kuti Zaidi sadzalankhulanso ndi munthu ameneyo. Zaidi anasaina.

Anakamuuza Fakiri kamodzi kokha, ataima pamasitepe, chitseko chili chotsegula.

"Ndale? Ine? Ine ndi wa ng'ombe, iwe! Bwanji osawauza?"

"Ndiwauze chiyani?"

Fakiri anati, "Ndiye usabwerere kwanu. Tikhale konkuno."

"Akawatenga amayi."

Panatsala chaka ndi theka. Ankakumana m'makonde, mulaibulale, pamzere wa chakudya, Zaidi n'kuyang'ana nsapato zake. Anabwerera ku mazira aja. Ankati chimene chinkamulemera kwambiri si chisoni ayi, koma kudzuka tsiku lililonse n'kuyamba kuwerengera njira yoti asadutsane naye. Mayeso anakhoza bwino, poti analibenso china chochita.

Atafika kuno, mbiri inali itatsogola kale: Zaidi ali ndi fayilo, ankayenda ndi zigawenga. Amalume a Rahila anabwera kudzanena kuti mwana akufuna ayambe wapitiriza sukulu. Patangotha miyezi itatu, sukulu yake inali telala wa ku Dwangwa amene anamukwatira. Banja lina lililonse limene amalume a Zaidi anakagogoda linapeza chonena. Mayi Asiyatu ankalira pamphasa kuti, "Ndale zandiphera banja la mwana wanga!" Iye ankangowasisita pamsana. Ntchito ankagwira bwino koma sanamukwezepo. M'mawa panjinga kupita ku sikimu, madzulo kubwera, Lachisanu ku mzikiti, basi.

Zonsezi ndinazimva mayi ake atamwalira, masana ena ndikupeta mpunga kuseri kwa nyumba yanga, yoyandikana ndi yawo. Mpanda wathu ndi wa bango, sindinachite kufuna. Zaidi anali kuuza Madina, pang'onopang'ono, ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni.

Iye atamaliza, Madina anati, "Achimwene, zaka zonsezi anthu akukuthawani ngati chigawenga, bwanji simunawatsutse?"

"Ndinatopa, achemwali. Bodza limenelo ndi limene linaletsa anthu kundibweretsera akazi. Ndikanalitaya ndikanavala chiyani?"

"Fakiriyo munamulemberapo kalata?"

"Yopita ku Tanzania? Yodutsa pa positi yathuyi?"

Ndinamva Madina akumina. "Koma anali munthu wabwino?"

"Ankathira mchere wambiri," anatero Zaidi. Anaseka pang'ono, kenako anapempha madzi akumwa.