Marilu a Agogo a Mbewe Pansi pa Masitepe

Ndikakumbukira agogo a Mbewe, m'mphuno mwanga mumadzaza fungo la palafini, la girisi wakuda ndi la tiyi wa karaki wozizirira m'kapu ya pepala, ndipo m'makutu mumabwerera kulira kwa maeyakoni, makina oziziritsa mpweya a nyumba yosanja imene tinkakhala ku Bin Mahmoud, mumzinda wa Doha, amene ankadontheza madzi m'makoma usana wonse ngati nawonso akutuluka thukuta. Kachipinda kawo kanali pansi pa masitepe, pafupi ndi pampu ya madzi. Potsika kupita kusukulu ndinkaponda pamwamba pa mutu wawo, ndipo ndikachedwetsa phazi ndinkamva kaphokoso kochokera pansi pa simenti, tche-tche-tche-tche, ngati nkhululu yotsekeredwa m'chitini.

Sanali agogo anga enieni. Iwo kwawo kunali ku Ntchisi, ife kwathu ku Ntcheu. Ndinafika ku Doha ndili mtsikana wa kupulayimale, bambo akuyang'anira operekera zakudya pa hotela ina ku Al Dafna, mayi ali namwino pa kachipatala kena. M'nyumba monsemo munadzaza anthu a ku India, a ku Sudan ndi a ku Philippines, ndipo amene ankandifunsa kuti, "Wadzuka bwanji, mdzukulu?" anali iwo okha. Anali mlonda wa nyumbayo. Aliyense ankawaitana kuti harisi, ndiye kuti mlonda m'Chiarabu, ngati alibe dzina. Ankasesa mchenga umene mphepo inkabweza tsiku lomwelo, ankatsuka magalimoto dzuwa lisanapse, ankakweza masilinda a gasi paphewa mpaka nsanja yomaliza.

Kaphokoso kaja kankachokera ku marilu. Rilu ndi kachipangizo kozungulira kamene amamangirira pa ndodo yowedzera nsomba, kokulungira chingwe cha mbedza. A agogowo anali akalekale: ena amkuwa olemera ngati mwala, ena athabwa losalala ndi manja a anthu amene anafa kale, ena akuda, utoto utasupuka. Anawapachika pa misomali khoma lonse, pamwamba pa bedi, moti pogona ankakhala ngati agona m'sitolo. Masana dzuwa likathamangitsa anthu mumsewu, ankakhala pa chigubu, thaulo lakale pamiyendo, n'kumasula rilu imodzi mpaka kachitsulo komaliza. Timagiya ankatiika m'chivindikiro cha botolo, n'kumatikwecha ndi mswachi wakutha, milomo ataitambasula ngati mwana amene akuphunzira kulemba.

Tsiku lina ndinawafunsa ngati kwawo anali msodzi. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ku Ntchisi? Kwathu nsomba timakumana nayo itauma kale pamsika, mdzukulu. Izi ndinazidziwira konkuno."

Anandiuza kuti atangofika m'dzikomo anali dalaivala wa nkhalamba ina ya Chikatari imene inkakhala m'dera lakale la Msheireb, asanagwetse nyumba zadothi ndi timasitolo n'kuyamba kumanga zamagalasi. Nkhalambayo maso anali atayamba kuchita khungu, koma Lachisanu lililonse inkafuna kupita kunyanja. Inkagwira ndodo, a Mbewe n'kumaiuza kumene chingwe chagwera, ndipo nsomba ikadya inkawapatsira kuti akoke. Itamwalira, ana ake anasamukira kunyumba yatsopano, ndipo dalaivalayo anamupereka ku kampani ina monga mmene munthu amaperekera mpando umene sakuufunanso. Atapita kukatenga chikwama chawo anapeza katundu wa nkhalambayo ali pa mulu wa zinyalala, rilu yake yamkuwa ili pamwamba, mchere utaimanga, chogwirira chosatembenuka.

"Ndinaiyang'ana, nayonso ngati ikundiyang'ana. Ndinati iwe ndi ine atitaya tsiku limodzi. Tiye."

Anainyika m'palafini, anaigogoda pang'onopang'ono, anaisiya, anaibwereranso. Kasipuling'i kena kanali katathyoka, ndipo anapinda kena kuchokera m'wotchi yakufa. Tsiku limene chogwirira chinatembenuka, rilu n'kulira tche-tche-tche, akuti anaseka okhaokha m'chipindamo mpaka anzawo anaganiza kuti dzuwa lawalowa m'mutu. Kuyambira pamenepo maso awo anasintha. Ankaona marilu kumsika wa zinthu zakale, kwa ogula zitsulo, m'mabokosi a asodzi a zombo zamatabwa kugombe la Kornishi. Imene ikugwira ntchito sankaifuna. Ankafuna imene mwini wake wanena kuti yafa.

Amalawi anzathu sankazimvetsa, ndipo bambo anga ndiwo ankatsogolera. Anthu akasonkhana kwathu Lachisanu masana, lomwe ndi tsiku lopuma kumeneko, madalaivala, alonda ndi anyamata a m'mahotela, nkhani ya ovataimu ndi makontirakiti ikatha, ankatembenukira kwa agogowo.

"Achikulire, anzanu akutumiza malata kumudzi, inu muli kalikiliki kutola zitsulo. Kodi tinabwerera zimenezo kuno?" ankatero bambo anga.

Agogo ankamaliza kaye kutafuna.

"Bambo a Tamanda, malata ndinakhoma kalekale. Ana ndaphunzitsa, wina ndi mphunzitsi pano. Kodi ine ndine payipi, kuti zonse zizingodutsa, ine n'kutsala wouma? Chimodzi chokha chitsale pano."

Anthu ankaseka, koma kusekako kunkatha msanga.

Chaka chimene ndinkamaliza pulayimale, nyumba yathu inapita m'manja mwa kampani ina, ndipo kunabwera mudiri watsopano, bwana woyang'anira nyumbazo, wa nsapato zosongoka ndi mafoni m'manja monse. Ndinali pamasitepe tsiku limene anasuzumira m'kachipinda kaja. Anagwira mphuno. Analankhula Chingerezi chothyokathyoka chosakaniza ndi Chiarabu, koma ndinamva zonse. Anati izi ndi zinyalala, moto ukhoza kubuka, ndipo pofika Lachinayi zisapezekemo.

"Palafini ndichotsa lero lomwe," anatero agogo. "Pamenepo mwanena zoona, mudiri. Koma zili pakhomazi si zinyalala."

Mudiri anati harisi amakhala ndi bedi ndi chikwama, basi, khalasi. Akapeza chitsulo ngakhale chimodzi, visa akansela.

Madzulo ake bambo anatsika kukawanyengerera, ine ndili kumbuyo kwawo. Sanapite kukaseka. Bambo anali munthu wamantha ndi mapepala, ndipo anali ataona anthu akukwezedwa ndege pa nkhani zochepa kuposa imeneyi.

"Achikulire, tayani. Dziko la eni ili. Mukalimbana ndi mudiri mupambana chiyani? Msinkhu wanuwu akakukanselani, palibe kampani idzakutengeni."

"Ndikudziwa," anatero agogo, akupukuta rilu yathabwa osadzutsa mutu. "Pasipoti amasunga iwo. Maola anga ndi awo. Dzina langa analisiya pa eyapoti, pano ndine harisi. Zonsezo ndinavomera, ndinasayina ndekha. Koma izi ndinazidzutsa ndi manja anga, pa nthawi yanga yopuma. Ngati akufuna kuzitaya, adzazitole yekha anthu akuona. Ine dzanja langa silitaya."

Lachinayi basi ya sukulu inanditsitsa dzuwa litapendeka, mpweya uli wotentha ngati wotuluka mu uvuni. Pakhomo lalikulu la nyumba yathu panali anthu. Agogo anali atayala nsalu ya pabedi pamasitepe akunja, ndipo pansalupo anandanda marilu onse, amkuwa akung'anima mpaka kuthobwa m'maso. Iwo anaima pambali, yunifolomu yosita, mabatani otseka mpaka pakhosi. Mudiri anali atafika ndi galimoto ya bokosi ndi anyamata awiri a ku Nepal onyamula katundu.

"Chipinda ndayeretsa monga munanenera," anatero agogo. "Kalowenimo muone."

Mudiri sanalowe. Analoza nsalu ija n'kukuwira anyamatawo kuti yalla, fulumirani, akweze zonse. Anyamatawo anayang'anana. Mmodzi anawerama, anatola karilu kakang'ono, n'kungoima nako m'manja, osapita nako kugalimoto.

Ndi pamene mayi anafika kuchokera kuntchito, ali m'zovala zawo zoyera, thumba la tomato kudzanja. Mayi sanali munthu wolowerera nkhani za ena. Anaima, anayang'ana nsalu, anayang'ana mudiri, kenaka anandipatsira tomato uja. Anawerama n'kunyamula rilu yaikulu yamkuwa ija ya nkhalamba ya ku Msheireb.

"Bambo Mbewe, kodi ndingakusungireni iyi?"

"Sungani, mayi."

Mudiri anayamba kukuwa kuti katundu ameneyo ndi wotaya. Mayi anamuyankha m'Chingerezi chawo cha kuchipatala, chija cholankhulira odwala ovuta, chosakweza mawu. Anati iwo ndi alendi a m'nyumbayo, ndipo m'kontirakiti yawo mulibe pamene panalembedwa zimene angaike pa shelefu yawo. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Tamanda, waima ngati mtengo bwanji? Tsegula chikwamacho."

Ndinakhuthulira mabuku pansi pomwepo. Ndinalonga marilu mpaka zipi inakana kutseka. Nditaweramuka ndinaona bambo wa ku India wa nsanja yachiwiri, amene ankakonda kudandaula kuti galimoto yake sinatsukidwe bwino, akusankha yathabwa. Mayi wina wa ku Sudan anatambasula nsonga ya nsalu yake yofunda n'kukulungamo ingapo. Atsikana a ku Philippines ogwira ntchito mu saluni anatenga aliyense yake, akuseka. Mnyamata wa ku Nepal uja anapatsira kake mwana wina n'kupukuta manja m'thalauza. Panalibe amene anapangana ndi mnzake. Anthu ankangowerama, n'kulowa m'nyumba, zitsulo zikulira m'masitepe monse.

Nsalu itatsala yokha, agogo anaikutumula, anaipinda bwinobwino n'kuikolowekera paphewa.

"Zinyalala zatha, mudiri. Mafi mushkila."

Ndiye kuti palibe vuto. Mudiri anawaloza ndi foni kumaso, anati aona, ndipo anakwera galimoto yake yopanda kanthu.

Bambo atamva anakalipa mpaka supuni kugwa patebulo.

"Mukufuna atikansele tonse? Mwanayu sukulu akamalizira kuti?"

"Akaifuna riluyo abwere adzagogode," anatero mayi akuwaza anyezi. "Ndidzamuphikira tiyi."

Sanabwere. Koma panachitika chinthu chimene mudiri sanachiganizire. Marilu amafuna mafuta, ndipo mwini wake sakanawasiya kuti aume. Choncho ntchito ikatha agogo ankasamba, ankavala malaya awo a kutchalitchi, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo ndi kabotolo ka mafuta m'thumba. Munthu amene kwa zaka zambiri ankangofika pakhomo ndi silinda ya gasi n'kubwerera, tsopano ankalowa, ankakhala pa sofa, ankalandira tiyi ndi zokazinga zamitundumitundu. Ankaonetsa ana mmene giya imalumira inzake. Bambo wa ku India uja anayamba kupita nawo kunyanja Lachisanu, ndipo posakhalitsa nayenso anagwidwa matenda omwewo, n'kumabwera ndi marilu adzimbiri m'buti ya galimoto, mkazi wake akudandaula. Pofika nyengo yozizira, m'nyumba monsemo palibe ankawatchulanso harisi. Ankati Baba Mbewe, ena n'kumalephera kutchula, koma ankayesa.

Kontirakiti yawo itatha, kampani sinawonjezere. Palibe anadabwa. Bambo anati, "Ndinanena ine," koma ananena motsitsa mawu, akuyang'ana pansi.

Ndinawathandiza kulonga. Ndege ili ndi malire a katundu, ndipo mkuwa ndi wolemera. Bulangete, wailesi, jekete, mapoto, nsapato zantchito, zonse anagawira alonda a nyumba zoyandikana. Malaya amene anatenga ndi okhawo amene anakulungira marilu. Ena anawasiyira anansi aja, ati amene analandira chinthu pa tsiku loipa ndiye mwini wake. Komabe panatsala mulu umene sunalowe m'chikwama, ndipo anakhala pa chigubu chija akuuyang'ana.

Bambo anaima pakhomo, manja m'thumba.

"Asiyeni amenewo, achikulire. Ife tikupita kumudzi ku holide mwezi wa mawa."

"Nanga mphatso za abale anu mudzaika pati?"

"Abale adzadya masiwiti. Asiyeni."

Bambo anawanyamuladi, ndipo anakawatula okha ku Ntchisi, pa minibasi, chikwama chili pamiyendo njira yonse. Atabwerako sanafune kuti nkhaniyo ikambidwe.

Agogo a Mbewe anamwalira ine ndili ku koleji. Ndinamva kuti masiku awo omaliza ankatenga ana a m'mudzi kupita nawo pa bwalo la mpira, kumene kulibe ngakhale chithaphwi, n'kumawaphunzitsa kuponya chingwe atamangirira kamwala, anthu odutsa akugwira pakamwa.

Lero ndimakhala ku Lilongwe. Nsomba sindiwedza, ndipo m'bwato ndimachita chizungulire. Koma Loweruka mukandifuna mudzandipeza kumsika, kwa anyamata ogulitsa katundu wakale wochokera kunja, ndikufukula m'makatoni a zingwe zamagetsi ndi maketulo akufa. Amandidziwa, ndipo akandiona patali amakuwa kuti, "Asisi a zozungulira, yafika ina yokana kutembenuka!" Zikhadabo zanga sizikhala zoyera, ndipo sindipepesa kwa aliyense.

Chaka chatha mnyamata wina amene tinali titayamba kukamba za chinkhoswe anabwera kwanga, anayang'ana khoma la pabalaza, n'kunena mokoma mtima ndithu kuti tikakwatirana zidole zimenezi zidzapite, chifukwa nyumba ya banja imafunika kuoneka bwino alendo akabwera. Ndinamuthokoza chifukwa chonena maganizo ake nthawi ikadalipo. Ndinamuperekeza mpaka pageti, ndipo pobwerera ndinadzera kwa kalipentala kukaitanitsa shelefu ina.